Bokosi lowotchera mtembo kuno ku Joni: werengani musanalipire

Funso ili ndaliyankha kambirimbiri, pafoni, pa WhatsApp, pena pakhomo la tchalitchi titangoweruka mapemphero: "Abambo, m'bale wathu watisiya, ndalama zonyamulira thupi sizikukwana, tikuganiza zowotcha. Bokosi lake tigule lotani?" Wofunsayo amakhala maso ali psuu, a parlour (kampani yokonza za maliro) akumudikira ndi buku la zithunzi za mabokosi, ine n'kuyankha mothamanga, zina n'kuziiwala. Ndiye ndati ndilembe kamodzi, kuti zovuta zikagwa muwerenge modekha kapena mutumizire mnzanu.

Ine sindigulitsa mabokosi. M'gulu lathu losonkherana pa maliro ndine amene ndimatumidwa kuyenda ndi oferedwa ku mochale, ku Home Affairs (ofesi ya boma yopereka ziphaso) ndi ku parlour. Matupi ambiri tinawatumiza pagalimoto kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kukalowa pa Mwanza, ndipo mtima wanga umakhala m'malo thupi likakagona pakati pa makolo ake. Kuwotcha si mwambo wathu, ndipo sindikukopa munthu. Koma alipo mabanja amene amafika pamenepo: msonkhamsonkha waperewera, thupi lakhalitsa mufiriji bilu ikukwera tsiku ndi tsiku, kapena malemu ananeneratu okha ali moyo. Anthu amenewa asachititsidwe manyazi, ndipo asadyeredwe masuku pamutu.

Gwirani kaye ichi: zotengera zake ndi ziwiri. Pali bokosi lolowa m'ng'anjo pamodzi ndi thupi, ndipo pali kabokosi ka phulusa, kamene kuno amati urn. Loyambalo limatha m'maola ochepa. Kachiwiriko ndi kamene kayende mtunda woposa makilomita 1,700 kukafika m'manja mwa mayi wobereka. Ambiri amathira ndalama zonse pa loyamba, za kachiwiri n'kukumbukira atatsala ndi ya taxi yokha.

1. Imbani kumudzi musanaone bokosi lililonse

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo a parlour sangakuuzeni chifukwa za kwathu sazidziwa. Fomu yopempha kuwotcha imasainidwa ndi wachibale wapafupi. Kwa iwo zimenezo zakwana. Kwa ife sizinakwane m'pang'ono pomwe. Mtembo si wa amene ankagona naye chipinda chimodzi ku Rosettenville kapena ku Diepsloot, ndi wa mbumba. Kwa Achewa, Amang'anja ndi Alomwe mawu omaliza ali ndi amalume, mwini mbumba. Kumpoto, kumene amalowola, ali ndi akuchimuna. Ngati malemu anali pabanja, ankhoswe a mbali zonse ziwiri amve. Komanso manda ndi a amfumu: adzukulu sakumba iwo asanalole.

Chifukwa chake ndimaumirira n'chakuti thupi loikidwa konkuno ku manda a Westpark kapena a Avalon likhoza kudzafukulidwa n'kupita kwawo, movutikira ndi mapepala ambiri, koma n'zotheka. Lowotchedwa silibwerera.

Nkhaniyi musaiponye pa gulu la WhatsApp la banja. Imbirani amalume paokha. Uthenga wa imfa upite kaye pawokha, anthu alire. Mukamaimbanso, muwayalire njira zonse zitatu: kutumiza thupi, kuika konkuno, kapena kuwotcha n'kubweretsa phulusa, iliyonse ndi mtengo wake wolembedwa ndi a parlour, pamodzi ndi ndalama zimene zasonkhedwa. Ine ndimawauza oferedwa kuti anene motere: "Amalume, zimene zapezeka ndi izi, zimene zikufunika kuti thupi lifike ndi izi. Ife kuno nzeru zatithera. Tiuzeni inu akuluakulu tichite bwanji." Nthawi zambiri akamva chonchi kumudzi amagulitsa ng'ombe kapena matumba a chimanga, abale a ku Cape Town n'kuwonjezera, thupi n'kupita lathunthu. Zikatero thokozani Mulungu, malangizo ena onsewa simukuwafunanso.

Akavomera zowotcha, dikirani mafunso awiri. Loyamba: "Nanga nkhope tiona bwanji?" Lachiwiri: "Tidziwa bwanji kuti phulusalo ndi la mwana wathu?" Pansi pa awiriwa pamabisala lachitatu limene satchula: kodi anthu a ku Joniwa sakubisa kanthu? Mwina za mmene anafera, mwina za katundu wake, mwina za ziwalo. Musapse mtima. Munthu amene mwana wake anachoka akuyenda ndi miyendo yake, lero akuuzidwa kuti abwera m'kabokosi konyamula dzanja limodzi, sangalephere kukayika. Muyankheni ndi umboni: zithunzi za mapepala onse, kuona nkhope pa video call bokosi lisanatsekedwe, ndi wachibale wa mbali iliyonse woima pomwepo tsiku lowotcha.

Mayi wamasiye asasaine yekha, ngakhale lamulo likumulola. Ndaona mayi wina akunenedwa zaka ndi zaka kuti anawotcha mwamuna wake pofuna kubisa mankhwala, pamene anangosowa pogwira. Pofika posaina pakhale wakuchimuna, ndipo chilolezo cha kumudzi chibwere pa voice note kapena cholembedwa, muchisunge. Mawu a pafoni amauluka, ndipo pa maliro amene anavomera dzulo akhoza kukana mawa pamaso pa anthu.

Mayi wobereka akakanitsitsa, ine ndimati tiyeni tiyambirenso kusonkha. Bola tichedwe sabata ina kusiyana n'kumusiyira bala limene silidzapola.

2. Funsani a mpingo

Kwa abale athu achisilamu, ambiri a ku Mangochi ndi Machinga amene ali ku Mayfair ndi Fordsburg, nkhaniyi palibe: Chisilamu sichilola kuwotcha, ndipo a kumzikiti amathandiza kuika mwachangu. Mpingo wa Katolika unalola kuwotcha kuyambira mu 1963, koma malangizo ochokera ku Vatican a mu 2016 amati phulusa liikidwe pamalo opatulika monga kumanda, losamwazidwa, losagawanidwa, komanso losasungidwa m'nyumba. Mipingo ina imasiyana, ndiye kambiranani ndi abusa anu asanakonze za mwambo. Zimene anene zikhudza bokosi: ngati thupi likalowe m'tchalitchi mufunika looneka bwino pang'ono, ngati mwambo waukulu ukachitikire kumudzi lapafupi ndi lokwana.

3. Mapepala akhale patsogolo

Adokotala amalemba fomu yodziwitsa za imfa yotchedwa DHA-1663, imene ena amaitchulabe dzina lakale la BI-1663. Ndi imeneyo a Home Affairs amatulutsa chiphaso cha imfa, ndipo pamakhalanso chilolezo choika maliro, DHA-14. Zowotcha zili ndi mafomu ake owonjezera: pempho losainidwa ndi wachibale, umboni wa adokotala wonena chimene chinapha munthuyo, kenako dokotala wina wapadera wotchedwa medical referee amaona zonse n'kupereka chilolezo chomaliza. Popanda iye ng'anjo siyaka.

Ngati imfa inali ya ngozi, yochita kuphedwa kapena yosadziwika bwino, thupi limapita ku mochale ya boma kukapimidwa, ndipo apolisi ofufuza nkhaniyo ayenera kuvomera kaye kuti liwotchedwe. Musalipiriretu tsiku la ng'anjo zimenezi zisanatheke. Ndipo ngati banja lili ndi chikayiko pa imfayo, musawotche: umboni umapsera limodzi.

Onetsetsani dzina pa pepala lililonse, chilembo ndi chilembo, kuti lifanane ndi la pa pasipoti. Maina athu kuno amawalemba mmene awamvera. Chilembo chimodzi cholakwika chimakuimitsani pa boda.

4. Dziwani zimene zimachitika m'ng'anjomo

Mukadziwa izi palibe angakugulitseni zosafunika. Ku Johannesburg kuwotcha si kwachilendo. Ahindu ali ndi malo awo ku Brixton kuyambira mu 1918, ndipo ku manda a Braamfontein kuli crematorium, malo owotchera mitembo, imene inatsegulidwa mu 1932. Ku Lenasia iliponso, komanso alipo ena a makampani. A parlour ndi amene amasungitsa malo, inu funsani kuti akupita kuti.

Bokosi limalowa m'ng'anjo lotsekedwa, thupi lili momwemo, limodzi pa nthawi. Kutentha kwake kumafika madigiri 800 mpaka 1,000, ndipo pa munthu wamkulu zimatenga maola awiri kapena kuposerapo pang'ono. Matabwa, nsalu ndi mnofu zimatha. Chotsala ndi mafupa. Akazizira amachotsamo misomali ndi zitsulo zina ndi maginito, n'kupera mafupawo pamakina mpaka akhale ngati mchenga wotuwa. Amenewo ndi amene timati phulusa.

Ndiye ntchito za bokosi ndi zitatu zokha: kusunga ulemu wa thupi, kunyamulika osathyoka kapena kudontha, ndi kupsa bwino osasiya zinyalala. China chilichonse chimene mukulipira pamwamba pa izi ndi cha maso a anthu.

5. Sankhani bokosi

Kuno mawu awiri amene kwathu timangoti bokosi ndi osiyana. Coffin ndi lathu lija lotambasuka pamapewa n'kumachepa chakumiyendo. Casket ndi la ngodya zinayi, chivundikiro cha mahinjesi, mkati mwake nsalu zonyezimira, ndipo mtengo wake ndi wokwera kwambiri. M'buku la zithunzi muona mawu ena. Flat lid ndi la chivundikiro chafulati, lotsika mtengo kuposa onse. Open face lili ndi kachitseko kakumutu kotsegula poona nkhope. Three tier ndi la chivundikiro chokwera masitepe atatu. Dome ndi lotukuka ngati msana wa kamba.

Matabwa akenso ali ndi maina amene amaopsa pachabe. Chipboard ndi utuchi wopanikiza ndi guluu, pamwamba n'kumata kapepala kooneka ngati mtengo. Pine ndi paini yemweyu wa ku Chikangawa. Saligna ndi bulugama. Kiaat ndi mlombwa. Onsewa amapsa, koma mlombwa umatenga zaka makumi ambiri kuti ukule, ndipo mtima umandipweteka kuona banja likukongola ndalama za katapila kuti liwotche mlombwa m'maola awiri.

Maganizo anga ndi awa: tengani flat lid la chipboard kapena la paini. Ngati anthu adzaone nkhope, tengani open face lopanda galasi. Likakhala looneka losauka, liphimbeni ndi nsalu yoyera, kapena nsalu ya Mvano, ya Chigwirizano, ya Umanyano, imene malemu ankavala, n'kuikapo nkhata. Ndaima kutsogolo kwa mabokosi otere m'tchalitchi kangapo, ndipo palibe anafunsa za thabwa.

Alipo a makatoni olimba okhala ndi thabwa pansi. Ndi abwino ngati thupi likuchoka ku mochale molunjika ku ng'anjo popanda mwambo wautali, koma a parlour atsimikize kaye kuti crematorium imene akupitako imawalandira. Ma parlour ena amabwereketsa casket yokongola ya mwambo wokha, thupi lili m'bokosi lina lapafupi mkati mwake, mwambo ukatha n'kusolola lamkatilo. Njira imeneyi ndi yabwino, koma abale onse auzidwe zisanachitike, apo ayi wina akadzaona casket yomweyo pa maliro ena adzati inabedwa.

Osagula: lachitsulo, la galasi, la fibreglass, ndi lokhala ndi malata a zinki mkati. La zinkilo ndi lonyamulira thupi pandege, m'ng'anjo sililoledwa. Banja lina limene ndinkaliperekeza linalipira bokosi lotere poganiza kuti thupi likwera ndege. Ndalama zitaperewera anasintha maganizo, koma palibe anakumbukira za bokosilo, ngakhale a parlour amene anawagulitsa. Tsiku lowotcha anabwezedwa pakhomo. Anagula lina, n'kulipiranso masiku owonjezera a mufiriji. Mukasintha njira, funso loyamba likhale lakuti: bokosi ili likulowa m'ng'anjo?

Zogwirira zachitsulo amazichotsa lisanalowe, ndiye palibe chifukwa cholipirira zonyezimira. Zapulasitiki kapena zachingwe ndi zokwana, koma dziwani kuti zapulasitiki zambiri ndi zokongoletsa chabe. Onyamula agwire pansi pa bokosi, osati pa zogwirirazo.

Malemu akakhala wamtali kapena wathupi, nenani poyambirira. Khomo la ng'anjo lili ndi muyeso wake, ndipo bokosi lalikulu kuposa wamba liyenera kufunsiridwa malo olikwana.

6. Mtengo ulembedwe, chinthu ndi chinthu

Pachipata cha chipatala ndi cha mochale pamakhala madobadoba a ma parlour amene amakufikirani musanapukute misozi. Musapereke thupi kwa amene wayamba kukupezani. Likangolowa mufiriji yawo, kulichotsamo kuti lipite kwina n'kolipira. Funsani ma parlour atatu thupi lisanasunthe, ndipo pemphani kuona Certificate of Competence, chikalata chimene malamulo a zaumoyo a mu 2013 amafuna kuti malo aliwonse osungira mitembo akhale nacho.

Akakupatsani mtengo umodzi wa zonse pamodzi, umene amati package, pemphani auphwanye: kunyamula thupi zingati, firiji pa tsiku zingati, bokosi zingati, mafomu a madokotala zingati, crematorium zingati, kachalitchi ka pamalopo zingati, kabokosi ka phulusa zingati. Mukatero mupeza zinthu za maliro oika m'manda zimene simukuzifuna, monga tenti, makina otsitsira bokosi ndi magalimoto a banja. Mankhwala oumitsa thupi amafunika ponyamula mtembo kudutsa boda. Powotcha safunika, pokhapokha ngati padutsa masiku ambiri anthu asanaone nkhope.

Ngati malemu anali ndi funeral policy, funsani ngati imapereka ndalama kapena imangopereka bokosi ndi ntchito. Ikakhala yopereka bokosi, funsani ngati mukasankha lotsika adzakubwezerani zotsalazo. Ma policy ambiri amadikiritsa mpaka miyezi isanu ndi umodzi chilowereni asanalipire imfa ya matenda, ndiye onani tsiku limene analowa musanawerengere ndalamazo.

Ndipo wogulitsa akanena kuti "kodi m'bale wanu mukumuika m'limeneli?", musagwe nkhope. Muuzeni kuti ulemu waukulu tikampatsa kwawo. Popita kumeneko tengani munthu amene si wachibale wapafupi, wokhoza kuwerenga manambala mtima uli m'malo. Woferedwa sasankha bwino.

7. Zolowa m'bokosi ndi zosalowa

Ngati malemu anali ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda kotchedwa pacemaker, nenani. Batire lake limaphulika pamoto, ndipo kayenera kuchotsedwa. Pa chifukwa chomwecho musaikemo foni, wotchi ya batire, laita, botolo la galasi kapena chitini cha perefyumu. Nsapato za labala ndi zovala zapulasitiki zimatulutsa utsi woipa. Mphete, ndolo ndi mikanda zimene mukufuna kusunga muchotseretu, chifukwa bokosi likaperekedwa ku crematorium silitsegulidwanso.

Zovala za thonje, chitenje, yunifomu ya mpingo, Baibulo, korona yamtengo ndi kalata ya ana zikhoza kulowa. Koma ganizirani: yunifomu ija kapena jekete limene ankalikonda mwina n'kwabwino lipite kumudzi. Mudzamva chifukwa chake pa mfundo yomaliza.

8. Tsiku lowotcha

Kuona nkhope kuchitike ku parlour kapena kutchalitchi, bokosi lisanatsekedwe. Pangani nthawi ndi akumudzi kuti asonkhane pamalo pamene netiweki imagwira, muwatumiziretu ya bandulo, ndipo foni imodzi ikhale ya iwo okha. Musathamangitse mayi akulira pafoni. Kwa iye kuona nkhope ndi komweko, kwina sikudzakhalaponso. Jambulani zithunzi zochepa zosunga banja, osati zoika pa Facebook.

Mphekesera yoti ogwira ntchito amachotsa thupi n'kukagulitsanso bokosi mudzaimva. Njira yoithetsera ndi yapafupi: pemphani pasadakhale kuti achibale awiri akaone bokosi likulowa m'ng'anjo. Mabanja achihindu amachita zimenezi mwa mwambo wawo, ndiye si pempho lachilendo. Funsaninso mmene amalembera chizindikiro chotsata thupi kuyambira pakhomo mpaka phulusa kutuluka, mulembe nambala yake, muitumize kwa amalume tsiku lomwelo.

9. Kabokosi ka phulusa

Phulusa la munthu wamkulu limalemera makilogalamu awiri kapena atatu, ngati mapaketi awiri kapena atatu a shuga, ndipo limafuna malo a malita atatu kapena kuposerapo pang'ono. La mwana ndi lochepa, la khanda lochepetsetsa, ndipo makolo auzidwe zimenezi asanalandire kuti asadzidzimuke. Limatuluka patapita masiku ochepa, lili m'thumba lapulasitiki lomata, mkati mwa kabokosi kamtengo, kapulasitiki kapena kakatoni kolembedwa dzina, pamodzi ndi chiphaso chotsimikiza kuti thupi linawotchedwa. Chiphaso chimenecho musachoke osachitenga.

Nthawi zambiri kabokosi kamene akupatsaniko n'kokwana. Mukafuna kugula kena, sankhani kamtengo kokhala ndi chivundikiro chomanga ndi masikuluwu. Samalani ndi timitsuko tating'ono tokongola ta m'mashopu: tambiri ndi tosungira pang'ono chabe, phulusa lonse silingakwanemo. Kadongo ndi kagalasi kamasweka pa msewu. Kachitsulo chokhuthala ndi kamwala kamavuta pa bwalo la ndege chifukwa makina ounikira katundu saona mkati mwake. Thumba lamkati musalitsegule, ndipo dzina ndi nambala zilembedwe pathumba ndi pakabokosi pomwe.

Musachedwe kukatenga, ndipo musalisiye pamwamba pa wadiropu m'chipinda cha lendi mukudikira Disembala. Anthu amasamuka usiku, zipinda zimatsekedwa ndi eni nyumba, mashaki amapsa. Kuno kuli makoma osungiramo phulusa kumanda, koma mu 2023 ambiri a ku Braamfontein anaphwanyidwa ndi anthu oononga. Ife tili ndi kwathu, tiyeni lipite.

10. Ulendo, ndi kafikidwe kake

Wonyamula akhale wachibale, osati matransipota onyamula mafiriji ndi matumba a zovala. Kabokosi kakhale m'chikwama cha m'manja, pamiyendo kapena pafupi nanu, osati mu trela ya basi. M'chikwama momwemo mukhale chiphaso cha imfa, chiphaso cha kuwotcha ndi kope la pasipoti ya malemu. Pitani ku ofesi ya kazembe wa Malawi, ku Johannesburg konkuno kapena ku Pretoria, mukawadziwitse za imfayo n'kupempha kalata yoperekeza. Chotsani makope angapo, mukadinditse ku polisi, kumene salipiritsa. Pa basi yochokera ku Park Station mudutsa maboda atatu, mbali ziwiri pa boda iliyonse, ndipo aliyense akhoza kufunsa. Akafunsa nenani zoona n'kuonetsa mapepala. Kampani ya basi kapena ya ndege iuzeni pogula tikiti, osati pokwera.

Tsopano pamene ndalama munapulumutsa zija zikagwire ntchito. Musakalowe m'mudzi ndi chikwama paphewa ngati mwabwera kutchuthi, n'kutulutsa kabokosi patebulo. Anthu sadzadziwa kuti alire kapena ayang'ane kumbali, ndipo mayi sadzaiwala. Musananyamuke, tumizani ndalama kuti kalipentala wa pa trading centre akhome bokosi la maliro, kukula kwake agwirizane amalume ndi amfumu. Mukafika pa boma kapena pa trading centre imani pomwepo, muimbe. Akuluakulu abwere ndi bokosilo. Kabokosi ka phulusa mukakulunge ndi nsalu, mukagoneke mkatimo pamodzi ndi yunifomu ija kapena jekete lija, mukakhazike bwino kuti kasagubuduke onyamula akamayenda. Kenako mulowe m'mudzi monga mmene maliro amalowera, pagalimoto, amayi akulandira ndi kulira.

Kuyambira pamenepo mudzi ukudziwa chochita. Bokosi likalowa m'siwa, makwaya achezera usiku, mamawa adzukulu akumba, abusa alalikira, nkhata ziikidwa, ndipo chaka chikatha pali pomanga chiliza, pamene ana adzalozeredwe kuti bambo anu agona apa. Amene mwanyamula phulusa mudzapatsidwa mpata wofotokoza mmene malemu anadwalira ndi mmene anafera. Fotokozani zonse mwadongosolo, tchulani amene anaona nkhope ndi amene anaima pa ng'anjo, werengani ndalama zimene zinasonkhedwa ndi mmene zinayendera, ndipo zotsala muzipereke pamaso pa anthu.

Mapepala enieni musawaike m'bokosi, ngakhale wina atanena kuti apite ndi mwini wake. Kumudzi siyani makope odinda. Enieniwo abwerere kuno ndi mayi wamasiye kapena amene wasankhidwa ndi banja, chifukwa adzafunika ku banki, kwa abwana a malemu, ku UIF (thumba la boma la inshuwaransi ya ogwira ntchito) ndi ku policy.